KODI KUZIZIRA KUYAMBIRE KWA YANI?

Pali nkhani zina zimene munthu ukazimva umangoti sizikundikhudza. Imodzi mwa nkhani zotere ndi ya makina oziziritsa m'nyumba za boma, aja ambiri amaŵatcha maeyakoni, pamodzi ndi mafiriji ndi zipinda zozizira. Msodzi wa ku Nkhudzi kapena mlimi wa kwa Nankumba akamva pa wailesi kuti boma laitana makampani kuti apikisane pa ntchito yosamala makina otereŵa, amangopukusa mutu nati, "Zimenezo nza mabwana." Sitingamdzudzule, pakuti iye makinaŵa amaŵaona pa makoma a maofesi ndi a mahotela a m'mbali mwa nyanja basi. Koma ine ndifuna kunena poyera kuti maganizo ameneŵa ngolakwa, ndipo akutipweteka. Nkhaniyi njathu kuposa mabwanawo. Bwana makina ake akafa amatsekula zenera navula jekete. Mankhwala alibe jekete yovula.

Zinthu zosapirira dzuŵa

Tiyambe ndi dera lathu lomwe lino. Nyanja ya Malaŵi ili kunsi, pa mamita osafika 500 kuŵerengera kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe, kumene amagaŵa ndalama za dziko, ali pamwamba kupitirira mamita 1,000. Nchifukwa chake wa ku Capital Hill akati lero kwatentha, wa ku Mangochi amangoseka. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 35 kaŵirikaŵiri, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i kumaposa pamenepo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1,100,000 m'boma la Mangochi. Onseŵa akadwala amadalira zinthu zimene sizipirira kutentha kotere.

Taŵerengani nane, aŵerengi okondedwa. Katemera wambiri wa ana afunika kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Magazi opatsa odwala afunika madigiri 2 mpaka 6. Jakisoni wa oxytocin, amene mzamba amabaya mai atangochira kuti asataye magazi ambiri, amasungika bwino m'firiji, ndipo akakhalitsa potentha mphamvu yake imacheperachepera. Chimodzimodzinso insulin wa anthu odwala shuga. Mapiritsi ambiri sayenera kukhala pa malo otentha kupitirira madigiri 30, ena 25. Makina a GeneXpert oyezera chifuwa chachikulu adapangidwa kuti azigwira ntchito m'chipinda chosapitirira madigiri 30. Chipinda cha opareshoni sangachitsekule mazenera, poopa fumbi ndi ntchentche. Tsono pali nyumba yachisoni, m'mene thupi la mbale wathu limayembekezera ana ake ochokera ku Johannesburg. Ndipo pa gombe lino ndi mabanja angati amene alibe wao ku Joni? Ngakhale makina otenthetsa, amene tingaganize kuti kuno ngosafunika, ali ndi malo ao: mwera ukamaomba mu Juni ndi Julayi, khanda lobadwa masiku asanakwane lifunika chipinda chofunda, apo ai limazizidwa mpaka kutisiya.

Choopsa chenicheni nachi. Nsomba ikavunda imadziulula yokha ndi fungo, ndipo palibe mai amene angaigule. Mankhwala ophikidwa ndi dzuŵa sanunkha. Mabotolo ambiri a katemera ali ndi kachizindikiro kamene kamasintha mtundu akatenthedwa, koma mankhwala ena ochuluka alibe kachizindikiro kotere. Namwino amabaya jakisoni ndi mtima wabwino, mai amapitirirabe kutaya magazi, ndipo pa maliro timatonthozana kuti idali nthaŵi yake. Palibe amene amalemba m'buku kuti imfayi idayambira pa firiji imene idakhala masabata atatu osayaka.

Anthu amalonda zimenezi amazidziŵa bwino. Wogula chambo pa gombe mbandakucha kuti akagulitse ku Limbe sanyamuka wopanda ayezi. Mwini hotela salola kuti chipinda chake chozizira chigone chakufa, pakuti adziŵa kuti nyama ikaonongeka wotaya ndi iye mwini. M'nyumba za boma zinthu nzosiyana: wosaina pepala ndi wina, wolandira ndalama ndi wina, ndipo wotaya ndi winanso, munthu wosauka amene sadziŵa nkomwe kuti watayanji.

Kusamala makina nkutani?

Makina ameneŵa sapanga kuzizira ai, amangosamutsa kutentha. M'kati mwake muli gasi amene amazungulira m'timipope mokankhidwa ndi pampu yotchedwa kompuresa. Gasiyo amatenga kutentha kwa m'chipinda nakakutaya kunja. Sefa ikadzaza fumbi, kapena mavu akamanga zisa m'timipata ta bokosi lakunja lija, kutenthako kumasoŵa kotulukira, ndipo kompuresa imagwira ntchito mopitirira muyeso mpaka kupsa. Gasi akamatuluka pang'onopang'ono pa kamng'alu, mapeto ake ngomwewo. Magetsi nawonso akamabwera mofooka, kapena akabwera mwamphamvu atazima, amapsereza makina osatetezedwa. Tonse tikumbukira kuzimazima kwa magetsi kumene kudatsata namondwe wa Ana, amene adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 kufikira m'chaka cha 2023.

Tsono kusamala ndiko kutsuka sefa, kupukuta timipope, kuyesa gasi, kulimbitsa mawaya, kuika kachipangizo kotchinjiriza magetsi oipa, ndi kulemba zonse m'buku. Ndi ntchito ya mmisiri mmodzi, ya maora oŵerengeka, kangapo pa chaka. Koma kompuresa yatsopano njodula, ndipo imachokera kunja kwa dziko. Ntchito yotsika mtengo ija ikanyalanyazidwa, yodulayi imabwera yokha.

Kale boma lidali ndi amisiri akeake ambiri. Lero Unduna wa za Umoyo ukadali ndi nthambi yake yoona za zipangizo za m'zipatala, koma ntchito yambiri yotere imaperekedwa kwa makampani. Mu 2003 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, ndipo lamulo lina la mu 2017 lidabala bungwe la PPDA loyang'anira kagulidweko. Ofesi iliyonse ya boma ili ndi komiti yake yoona zogula. Pa pepala zonse zili bwino: ntchito ilengezedwe, makampani apikisane, apambane amene wakwaniritsa zofunika pa mtengo wotsika. Ine sinditsutsa lamulo. Chimene nditsutsa ndi zizoloŵezi zinai zimene zamera m'munsi mwa lamulolo ngati kaufiti m'munda wa chimanga.

Zizoloŵezi zinai

Choyamba, timalipira imfa ya makina m'malo molipira moyo wake. Kontirakitala amaitanidwa makina atafa kale, ndipo amalandira ndalama molingana ndi kukula kwa chimene chaonongeka. Akatsuka sefa apeza zochepa, akasintha kompuresa apeza zambiri, akanena kuti makina onse ngosakonzeka apeza zambiri koposa. Kodi munthu wotere tamuuza kuti afune chiyani? Ukamalipira mlonda pa mbala iliyonse imene yaloŵa m'nyumba, usadabwe chitseko chikamagona chotsekula. Sindinena kuti makontirakitala onse ngachinyengo. Ndinena kuti mgwirizano wotere umalanga wokhulupirika ndi kunenepetsa waulesi.

Chachiŵiri, timakhulupirira mapepala kuposa maso. Pa ntchito zazing'ono ofesi imafunsa mitengo kwa makampani osachepera atatu. Koma si chinsinsi kuti makalata atatu angathe kutuluka m'thumba limodzi. Dziko lathu lidaphunzira zimenezi moŵaŵa pa mlandu wa Cashgate. Akatswiri oŵerengera ndalama a Baker Tilly adapeza kuti pakati pa Epulo ndi Sepitembala 2013 ndalama zoposa K13 biliyoni zidatayika, ndipo zambiri mwa izo zidalipiridwa kwa makampani amene sadapereke katundu kapena kugwira ntchito ina iliyonse. Ngati zidatheka kulipira katundu amene sadafike nkomwe, nanga bwanji ntchito imene ngakhale itagwiridwa sioneka? Mlatho ukapanda kumangidwa mudzi wonse umaona. Koma wina akalemba kuti wathira gasi, adamuona gasiyo ndani? Pa ntchito zonse za boma, yosamala makina ndiyo yosavuta kuba, chifukwa umboni wake ndi mpweya.

Chachitatu, boma lenilenilo sililipira m'nthaŵi yake. Apa tiyenera kuchita chilungamo kwa kontirakitala. Amalonda akhala akudandaula zaka ndi zaka za ngongole zimene boma limakhala nazo kwa iwo. Mmisiri amagula zipangizo ndi ndalama zake, amathira mafuta m'galimoto kuchokera ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kufika pa Mangochi pokha, kenaka nkudikira miyezi. M'kudikira kwakeko kwacha idagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, pamene zipangizozo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Wokhulupirika amatopa nasiya kupikisana. Wotsala amakweza mtengo kuti kuchedwako kuloŵe momwemo, kapena amangosiya kuyankha lamya ya chipatala. Boma losalipira lilibe pakamwa podzudzulira wosabwera.

Chachinai, ndipo ichi ndicho chochititsa manyazi, ndandanda yathu njozondoka. Makina a mu ofesi ya mkulu akafa, mkuluyo amamva yekha pa khungu lake, ndipo kalata imayenda tsiku lomwelo. Firiji ya pa chipatala chaching'ono ikafa, wolemba kalata ndi wantchito wamng'ono, ndipo kalatayo imayenda ulendo wa birimankhwe kudzera ku boma, ku khonsolo, ku komiti, mpaka kukaima pa mau aja akuti ndalama za mwezi uno sizidabwere. Nyuzipepala zathu zalemba kaŵirikaŵiri za zipatala za maboma osiyanasiyana kumene zipinda zozizira za nyumba yachisoni zidafa, abale nkumauzidwa kuti anyamule maliro msangamsanga. Kodi mudamvapo kuti msonkhano wa akuluakulu walephereka chifukwa chosoŵa chipinda chozizira? Mahotela a pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay akhala akulandira misonkhano ya boma kwa zaka zambiri, mpaka boma lomwelo laletsapo misonkhano ya kunyanja kangapo pofuna kuchepetsa kuononga. Mahotelawo salakwa, ndi malonda ao, ndipo ana athu amapezako ntchito. Koma nzomvetsa chisoni kuti anthu angathe kukambirana za umoyo wa amai m'holo yozizira, makilomita oŵerengeka chabe kuchokera pa chipinda chimene mankhwala a amaiwo akupsa.

Mphatso ili ndi mimba

Makina ambiri amene tili nawo m'zipatala ndi mphatso. Kuyambira mu 2016 mabungwe a USAID wa ku America ndi DFID wa ku Britain adathandiza kuika pa zipatala zambiri za m'dziko muno tinyumba tosungiramo mankhwala, topangidwiratu ku fakitale, tokhala ndi makina oziziritsa. Kuno kwathu dziko la Iceland lidathandiza kumanga chipatala cha Monkey Bay, ndiponso nyumba yatsopano yochiriramo amai pa chipatala cha boma cha Mangochi, imene idatsekulidwa mu 2019, moto utaononga mbali ina ya chipatalacho mu Epulo 2018. Tiyenera kuthokoza. Koma paja akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mphatso ya makina ili ngati mphatso ya ng'ombe: imafuna msipu ndi mbusa. DFID adaphatikizidwa ndi unduna wina mu 2020, ndipo USAID adatsekedwa mu 2025. Opereka aja adapita, makina adatsala. Wosamala ndife, ndipo ngati sitiika ndalama zake m'ndondomeko ya chuma chaka ndi chaka, tinyumba tija tidzasanduka mauvuni.

Palinso china chimene olemba mapangano sayenera kuiŵala. Gasi wa m'makina akale amaononga mlengalenga, nchifukwa chake maiko adagwirizana ku Montreal mu 1987 kuti amsiye pang'onopang'ono. Gasi wotchedwa R-12 adasiyidwa m'maiko onga lathu pofika 2010, ndipo R-22, amene akadali m'makina ambiri akale, akuchepetsedwa kulinga ku 2030. Pangano la ku Kigali la mu 2016 lidaonjezapo magasi enanso. Ofesi yosadziŵa kuti ili ndi makina angati, a chaka chanji, a gasi wanji, idzadzidzimuka tsiku lina itauzidwa kuti gasiyo sapezekanso, kapena idzathiridwa gasi wolakwika ndi wina wofuna za msanga.

Zimene ena anganene

Wina adzati, "Makolo athu adakhala pa nyanja pano popanda makina ameneŵa." Za maofesi ndivomereza ndi manja aŵiri. Nyumba yomangidwa mwanzeru, ya khonde lalikulu, denga lalitali, mazenera oyang'anana ndi mitengo pabwalo, imapepuza kutentha popanda magetsi, ndipo maofesi ambiri angathe kukhutira ndi fani. Makina akachepa m'maofesi, ndalama zosamalira ofunikawo zidzachuluka. Koma tisanamizane: makolo omwewo adaika m'manda ana ambiri ophedwa ndi chikuku, ndipo chimene chidachepetsa maliro amenewo ndi katemera amene adayenda ulendo wake wonse ali wozizira.

Wina adzati, "Ndalama palibe." Yankho ndi lakuti kusasamala ndiko kodula. Amene akana kugula singano ndi ulusi adzagula malaya. Ndipo dziko limene limapeza ndalama za magalimoto atsopano ndi maalawansi silinganene kuti lasoŵa ndalama zotsukira sefa.

Winanso adzati, "Chotsani makontirakitala onse, boma lilembe amisiri ake." Nazonso nzosakwanira. Mmisiri wa boma wopanda galimoto, wopanda zipangizo, amangokhala pa mthunzi. Chofunika ndi onse aŵiri: mmisiri wa boma wodziŵa kuyesa ntchito, ndi kontirakitala womangidwa ndi mgwirizano woluma. Ndipo si zoona kuti luso lili m'mizinda yokha. Pa Mangochi ndi pa Monkey Bay alipo anyamata amene amakonza mafiriji a m'magolosale ndi a ogulitsa nsomba tsiku ndi tsiku. Bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziona za maphunziro a ntchito zamanja. Anthu otereŵa ayesedwe, apatsidwe ziphaso, ndipo kampani yopambana ntchito ikakamizidwe kukhala ndi mmisiri wogona m'boma momwemo.

Mgwirizano woluma

Nanga tifuna chiyani? Poyamba khonsolo ikhale ndi kaundula wa makina onse, olembedwa mwa ndandanda ya kufunika kwake: magazi, katemera ndi mankhwala patsogolo, kenaka chipinda cha makanda, cha opareshoni, labotale ndi nyumba yachisoni, maofesi kumapeto. Chachiŵiri, boma lileke kugula maulendo a mmisiri, liyambe kugula masiku amene makina ayaka. Njira yoyesera ilipo kale, pakuti pa firiji ya katemera antchito azaumoyo amalemba madigiri kaŵiri pa tsiku, m'maŵa ndi madzulo. Buku lomwelo likhale woŵeruza: makina akayenda bwino mwezi wonse kontirakitala alandire zonse, akafa masiku opitirira aŵiri osabwera munthu, adulidwe. Pamenepo sefa idzatsukidwa popanda womkumbutsa. Chachitatu, wosaina kuti ntchito yagwiridwa akhale amene amagwiritsa ntchito makinawo, namwino kapena wosunga mankhwala, pamaso pa mmodzi wa komiti ya pa chipatala. Chachinai, boma lilipire pasanathe masiku 30, ndipo ndalama zosamalira makina zisamapatutsidwe kukagula mafuta a maulendo. Chachisanu, dzina la kampani, mtengo wa mgwirizano ndi tsiku limene mmisiri adabwera komaliza zimatidwe pa khoma, pamene wodwala aliyense angaŵerenge.

Tisaganize kuti maso a anthu alibe mphamvu. Pamene bungwe la Southern Region Water Board lidafuna kumanga thanki ya madzi pa phiri la Nkhudzi, m'kati mwa nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park imene UNESCO idailemba m'kaundula wake mu 1984, mkangano udabuka m'zaka za 2021 ndi 2022. Ena ankateteza chilengedwe, ena ankalira madzi abwino, ndipo dziko lonse lidamva. Kaya munthu adaima mbali iti, chimodzi chidaoneka: ntchito ya boma ikayang'anitsitsidwa, akuluakulu amakakamizika kutulutsa mapepala ndi kuyankha mafunso. Vuto ndi lakuti timadzuka pa ntchito zazikulu zokha, zokhala ndi mbendera ndi magule. Ntchito zing'onozing'ono zosamala zimene tili nazo kale zimadutsa usiku, chonsecho ndizo zimene zimasunga moyo wa mwana. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Kufunsa mtengo wa mgwirizano si mwano, ndi ufulu.

Inu amai amene mumapita ku sikelo mwezi ndi mwezi, inu abambo amene muli m'makomiti a chitukuko ndi a pa chipatala, inu mafumu ndi makhansala, funsani mwaulemu koma mosatopa: Firiji ikuyaka kodi? Buku la madigiri lili kuti? Wokonza ndani, ndipo adabwera liti? Namwino sadzakwiya nanu, pakuti iye watopa kulemba makalata yekha.

Kwa akuluakulu a ku khonsolo ndi a ku likulu ndipempha lamulo limodzi lokha, losafuna ndalama ngakhale tambala: m'boma lililonse makina a mu ofesi asakonzedwe pamene firiji ya magazi, ya katemera kapena ya mankhwala m'bomalo idakali yakufa. Mkulu adikire pa mzera womwewo, kumbuyo kwa khanda. Akatuluka thukuta masiku atatu a Novembala, tidzaona ngati kalata ya namwino idzayendabe ulendo wa birimankhwe.